Funsani Ambuya: Khunkha la m'munda mwanga ndi la yani?

Mwezi wa June wafika ndi mphepo yake, ndipo amene mumayenda mu Great East Road mwaona kale malole a chimanga akutsikira m'tauni atasenza mpaka kupendekeka. Makalata ambiri amene ndalandira akukamba za zokolola. Ndasankhapo anayi. Pa yoyamba ndichedwapo, chifukwa yandikumbutsa amayi anga.

Ambuya, ndine bambo wa zaka 54. Ndimakhala ku Kabwata, koma ndili ndi munda wa mahekitala 5 kupitirira Chongwe, umene ndinagula nditapuma pa ntchito. Chaka chino ndakolola matumba 240. Vuto langa ndi ili. Tisanamalize n'komwe kututa mikukwe, amayi ndi ana a m'midzi yoyandikana amakhala atafika kale ndi timatumba tawo, akuti akukunkha. Mnyamata woyang'anira munda anawathamangitsa, ndipo ine ndinamuuza kuti atole zotsala zonse, akamaliza atenthe mapesi. Tinapeza matumba atatu ndi theka. Maganizo anga ndi oti ndikapereke matumbawo ku tchalitchi pa Sabata la masika, madikoni agawire osauka mwadongosolo. Mkazi wanga wakwiya, akuti ndachimwira Levitiko 19. Ine ndikuti chimanga n'chomwecho, osauka ndi omwewo, ndipo feteleza ndinagula ndekha. Cholakwa changa n'chiti? Ndine mlimi wa Loweruka, Kabwata.

Bambo, ndikuthokozeni kaye kuti simunabise kanthu, ngakhale za moto uja. Ambiri akamandilembera amayamba asamba m'manja. Koma amayi akunyumba akunena zoona, ndipo madzulo ano muwagulire chitenje.

Tiyeni titsegule pomwe iwo akuloza. Levitiko 19:9-10 imauza mwini munda kuti asakolole mpaka m'mphepete, asabwerere kukatola zimene zagwa pokolola, ndipo mwini munda wamphesa asatole mphesa zakugwa kapena kupululira mitengo yake. Zonsezo azisiyire wosauka ndi mlendo. Deuteronomo 24:19-22 imawonjeza kuti ukaiwala mtolo m'munda usaubwerere, ukagwedeza mtengo wa azitona usaukwerenso kachiwiri, pakuti zotsalazo ndi za mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Ine ndinaphunzitsa Chinyanja zaka 31, choncho mundikhululukire, diso langa limathamangira pa mneni. Fufuzani m'mavesi amenewa mneni wa kupatsa. Simumupeza. Muli usakolole, usabwerere, usakunkhe, uzisiye. Lamuloli likugwira dzanja la mwini munda kuti lilekeze pomwepo. Chimene chatsalira kuseri kwa dzanjalo chili kale ndi eni ake, ndipo munthu sapereka mphatso ya chinthu cha mwini.

Mwina mukuti, nanga kusonkhanitsa chakudya kuti akulu agawe mwadongosolo n'kulakwa? Ayi, nakonso kuli m'Malemba, koma pa tsamba lina. Deuteronomo 14:28-29 imakamba za chakhumi cha chaka chachitatu, chimene chinkasungidwa m'midzi kuti Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye adye. Zimenezo ndiye zikufanana ndi ntchito ya madikoni anu. Mose anaika zonse ziwiri, nkhokwe ya m'mudzi ndi khunkha la m'munda, ndipo sananene kuti ukachita chimodzi chinacho chagwa. Inu mwatenga za m'thumba lina kuti mulipire ngongole ya thumba lina, ndipo pa Sabata la masika mpingo udzakuomberani m'manja chifukwa cha chimanga cha amayi a ku Chongwe.

Apa ndi pamene mawu anu akuti "osauka ndi omwewo" akundivuta. Ndi omwewo bwanji? Mayi amene anathamangitsidwa uja amakhala makilomita oposa 40 kuchokera pa tchalitchi chanu. Dzina lake silili m'kaundula wa madikoni. Mwina amapemphera kwina, mwina sapemphera n'komwe. Khunkha silifunsa khadi la ubatizo. Rute anali Mmowabu, mtundu umene Deuteronomo 23:3 inautsekera kunja kwa msonkhano wa Israele, koma m'munda wa Boazi ku Betelehemu analowa kukakunkha, chifukwa lamulo la khunkha limatchula mlendo mosabisa.

Ndikuuzeni za kwathu ku Katete. Atate anamwalira ndili ndi zaka 9, ndipo abale awo anatenga ng'ombe zonse ziwiri, nkhani imene ambiri a inu mukuidziwa kale. Munda unatsala, koma wolima anali mmodzi, ana tinali asanu. Anthu akamaliza kukumba nshawa, amayi ankatidzutsa kusanache, aliyense ndi kakhasu kake kotha ndi kadengu. Tinkalowa m'minda ya anthu n'kumapalasa m'mizere momwe anakumba kale. Nshawa zimakonda kuthothoka pozula, makamaka nthaka ikauma, ndiye zambiri zimatsalira pansi. Tsiku labwino tinkabwerera ndi dengu lodzaza, manja atang'ambika ndi chisanu. Palibe amene tinkamupempha, palibenso amene tinkamugwadira. Mwambo wa m'mudzi unali wodziwika: mwini munda akachotsa zake, munda watseguka, ayambe anthu, kenaka zilowe mbuzi ndi ng'ombe. Sitinaphunzire zimenezo kwa amishoni. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, omasulira sanavutike kufuna mawu achilendo, anapeza kukunkha kuli kale m'kamwa mwa agogo athu.

Panali mkulu wina amene munda wake tinkaukonda kwambiri, chifukwa nshawa zinkatsala zambiri modabwitsa. Ife ana tinkamuseka kuti ndi waulesi, sadziwa kukumba. Ndinali kale mphunzitsi, mkuluyo atamwalira kalekale, pamene amayi anandiuza kuti ankachita dala. Mizere itatu ya kumapeto ankangoizula ndi manja osaikhapo khasu. Sanatiuze, ndipo ife sitinamuthokoze. Tikakumana naye pa njira tinkamupatsa moni ngati mkulu wina aliyense.

Nthawi yomwe tinkakunkha nshawa ija kunabwera zovala za ana amasiye ku tchalitchi. Anatiitana mayina mmodzimmodzi, tinaima kutsogolo kwa mpingo wonse, kwaya ikuimba. Ndinalandira diresi yabuluu, yabwino ndithu. Ndinaivala kawiri basi, chifukwa mwana aliyense kusukulu ankadziwa kumene inachokera. Sindikunyoza amene anapereka, anali ndi mtima wabwino. Koma nshawa zija ndinkadya mutu uli m'mwamba, pakuti ndinazikumba ndekha. Bambo, chimanga n'chomwecho, inde. Wochidya ndiye amasiyana: wina wadya thukuta lake, wina wadya chifundo chanu anthu akuonerera.

Aphunzitsi a Chiyuda anaiganizira kwambiri nkhani imeneyi. Mu Mishnah, buku la malamulo awo limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, muli gawo lonse lotchedwa Peah, kutanthauza ngodya ya munda. Popeza Mose sanatchule muyeso, iwo anati mphepete yosiyidwa isachepere gawo limodzi mwa magawo 60 a zokolola, ndipo ikule malinga ndi kukula kwa munda, kuchuluka kwa osauka ndi ubwino wa chaka. Tawerengani nokha: matumba 240 kugawa ndi 60, akutuluka matumba 4. Inu munapeza atatu ndi theka. Ndinaseka nditaona kuti mlandu wonsewu ndi wa muyeso umene anthu aja anauona kuti ndi wochepetsetsa. Anatinso ngala imodzi kapena ziwiri zikagwa m'manja mwa wokolola ndi za osauka, koma zikagwa zitatu pamodzi ndi za mwini munda, kuti mwiniyo naye asaberedwe. Analetsa osauka kulowa m'ngodya ija ndi zikwakwa poopa kuti angavulazane polimbirana. Anaika nthawi zitatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi chakumadzulo, ndipo ofotokoza anati ya m'mawa ndi ya amayi oyamwitsa, ya masana ndi ya ana, ya madzulo ndi ya nkhalamba zoyenda pang'onopang'ono. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ichi: mwini munda analibe ufulu wosankha wosauka wake. Sankaloledwa kuthamangitsa uyu kuti atole uja, kapena kudikira kuti anthu achoke kuti aitane m'bale wake. Munthu akasankha yekha womuthandiza amasankha amene adzamuthokoze, kapena amene adzamuvotere.

Tsopano ndisakhale ngati sindikudziwa za dziko. Pa malamulo a Zambia munda ndi wanu, ndipo wolowa popanda chilolezo akhoza kuimbidwa mlandu. Malamulo oterewa ndi akale. Ku England, mu 1788, khoti linagamula pa mlandu wa Steel ndi Houghton kuti osauka alibe ufulu wa m'malamulo wokunkha m'munda wa munthu, ngakhale makolo awo anachita zimenezo kwa mibadwo. Mayi amene anaimbidwa mlanduwo anali mkazi wa wosoka nsapato, ndipo chimene anakunkha chinali barele, ngati Rute. Kuyambira pamenepo khunkha linasanduka chifundo cha mwini munda. Choncho apolisi a ku Chongwe sadzakufunsani kanthu. Koma simunalembere apolisi, mwalembera ine.

Ndikudziwanso kuti si onse obwera ndi timatumba amene ali Rute. Ena amalowa mikukwe ikadali chiimire, ndipo kumeneko ndi kuba, dzina lina kulibe. Vesi yotsatira pa lamulo la khunkha, Levitiko 19:11, ikunena kuti musabe. Ndaonanso aganyu amene amabisa dala zisononkho zikuluzikulu pansi pa mapesi masana, madzulo n'kutuma ana awo kuti akakunkhe. Mankhwala a zimenezi ndi dongosolo, ndipo si lovuta. Pitani kwa amfumu a mudziwo musanayambe kukolola, osapita chimanjamanja. Gwirizanani kuti palibe wolowa ngolo yomaliza isanatuluke, ndipo ikatuluka munda ukhala wotseguka masiku akutiakuti. Amfumu alengeze okha. Mudzadabwa kuti anthu amene akudziwa kuti tsiku lawo likubwera amasanduka alonda a munda wanu. Inu mumabwera Loweruka lokha. Masiku ena asanu ndi limodzi munda umakhala m'maso mwa amayi omwe munawathamangitsawo, ndipo akaona ng'ombe zalowa mu February, kapena moto wolusa ukuyandikira mu September, adzakumbukira. Aganyu aja muziwalipira tsiku lomwelo, monga ikunenera vesi 13 ya mutu womwewo. Wolipidwa bwino ndi pa nthawi yake sabisa zisononkho kawirikawiri.

Za moto ndinena mwachidule, chifukwa zandipweteka. Alangizi a zaulimi akhala akutiuza kwa zaka zambiri kuti mapesi ndi chakudya cha nthaka, amasunga chinyezi ndi kuteteza dothi kuti lisakokoloke. Mwaiwala kale 2024, pamene pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atapserera? Munthu amene wadutsa chaka chimenecho n'kumatentha chophimba cha nthaka yake kuti mayi wina asapeze chisononkho wadzilanga yekha. Feteleza amene mukuti munagula nokha, chaka chamawa mudzagula wochuluka.

Nanga matumba atatu ndi theka aja? Akwezeni m'galimoto, abwerere ku Chongwe. Musaitanitse msonkhano ndipo musajambule zithunzi za pa Facebook. Asiyeni kwa amfumu, munene kuti mnyamata anatola zimene sizinali zake kutola, ndipo mnyamatayo musamukalipire, analamulidwa ndi inu. Pa Sabata la masika mukapereke kuchokera pa 240 aja.

Ambuya, ine munda ndilibe. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi ku Soweto Market, ndimaoda m'mamawa kwa alimi. Abusa analalikira za Boazi, ndipo ndinatuluka ndikudzifunsa kuti ife a m'tauni mphepete ya munda wathu ili kuti. Madzulo pamabwera agogo ena ndi ana kudzatola tomato wophwanyika pansi pa tebulo. Anzanga amati ndiziwagulitsa wophwanyikayo kwa ophika nsima m'malesitilanti, ndalama ndi ndalama. Ndichite chiyani? Ndine mayi wa ana atatu, Chawama.

Mwana wanga, funso lako wadziyankha wekha, mphepete yako ili pansi pa tebulo. Ndimadziwa mmene phindu la tomato lilili lopyapyala. Bokosi waoda m'mawa, dzuwa likafika pamutu theka lafewa, ndipo walipira kale wa wilibala ndi msonkho wa pamsika. Sindingakuuze kuti usiye kugulitsa wofewa kwa ophika nsima, imeneyo ndi mbali ya malonda ako ndipo ana atatu akudya pomwepo. Lamulo la Mose silinauze mlimi kuti asiye munda wonse. Linamuuza kuti asapsinye mpaka dontho lomaliza.

Ndiye dziikire malire amene ungawasunge ngakhale tsiku loipa. Mwachitsanzo, amene wagwa pansi pochotsa m'bokosi usamubwezere pa mulu, ndipo wotsala pa nthawi yotseka, amene ukudziwa kuti mawa sadzafika, usamuthire m'ngalande. Koma tamvera apa: chovunda si khunkha. Tomato wa mphutsi amene iwe sungaphikire ana ako ndi zinyalala, ndipo kusiyira agogo zinyalala n'kuwatuma kukutayira. Ku France anakhazikitsa lamulo mu 2016 loletsa masitolo akuluakulu kuwononga chakudya chosagulidwa chimene chikadali chabwino, chifukwa ena ankachithira mankhwala ochapira kuti anthu asatole m'mabini. Ife sitinafike pothira mankhwala, koma ndaona ndi maso anga munthu akupondaponda masamba otsala pamsika kuti wina asatole ulere.

Ndipo nkhaniyi si ya amalonda okha. Ife ogula ndife oyamba kukolola mpaka m'mphepete. Mayi wavala bwino, watsika m'galimoto, akukangana ndi iwe mphindi khumi pa K2, kenaka afunanso mbasela. Mayi yemweyo akalowa mu sitolo ya ku Manda Hill amalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa. Ndikunena ena, koma nanenso ndinkachita, mpaka mdzukulu wanga anandifunsa tsiku lina kuti bwanji ndimalimba mtima kwa osauka okha. Amene ali ndi nyumba ku Woodlands, mphepete yake ndi mabotolo ndi zitini zimene angaike padera pa geti kuti otola asachite kuvundukula bini yonse. Ndi mango a nthambi yotulukira kunja kwa mpanda. Wa chigayo mphepete yake ndi gaga ndi ufa wa pansi. Aliyense amadziwa pamene dzanja lake limapsinya kwambiri.

Agogo aja akabwera, apatse moni ngati makasitomala. Akafuna kukusesera pa malo ako, usawakanize.

Ambuya, ndikuphunzira pa koleji ina muno mu Lusaka. Ndikuona kuti mumasankha malamulo a Chipangano Chakale amene mukuwakonda. Levitiko 19 yomweyo imaletsa kuvala chovala cha nsalu za mitundu iwiri ndi kufesa mbewu ziwiri m'munda umodzi. Kwathu ku Petauke timabzala chimanga, maungu ndi nyemba phando limodzi. Ngati la khunkha likutimanga, enawo bwanji? Ife tili pansi pa chisomo. Ndine mdzukulu wanu, Kalingalinga.

Mdzukulu wanga, wawerenga bwino, vesi 19 ikuterodi, ndipo maungu a ku Petauke usawazule. Pa msonkhano wa ku Yerusalemu, mu Machitidwe 15, atumwi sanasenzetse anthu a mitundu ina goli lonse la Mose. Sindikunena kuti wokolola mpaka m'mphepete waphwanya lamulo ngati Mwisraele wa nthawi ya Oweruza. Koma taona mmene Paulo ankawerengera malamulo a m'munda. Pa 1 Akorinto 9:9-10 akutenga lamulo lakuti usamange ng'ombe pakamwa pamene ikupuntha tirigu, n'kunena kuti linalembedwa chifukwa cha ife. Anafunsa chimene lamulolo likuteteza, ndipo anachitenga. Yesu atafunsidwa za malamulo aakulu, lachiwiri analitenga mu Levitiko 19 yomweyi, vesi 18, la kukonda mnzako monga udzikonda wekha. Khunkha lili pa vesi 9, malipiro a waganyu pa vesi 13, chikondi pa vesi 18. Ndi ulendo umodzi. Ndipo ophunzira ake omwe, pa Mateyu 12:1, anabudula ngala m'munda wa munthu ali ndi njala, monga inalolera Deuteronomo 23:25. Afarisi sanawanene za kuba, anawanena za Sabata.

Chimene chimandidabwitsa ndi chakuti chisomo timachikumbukira msanga pamene lamulo likukhudza thumba. Sindinalandirepo kalata ya munthu wofunsa ngati chisomo chikumulola kusiya zochuluka kuposa zimene Mose ananena. Ukapita kwanu pa holide, ufunse ambuya ako enieni ngati ankakunkha nshawa, ndipo ankaloledwa ndi vesi iti.

Ambuya, amuna anga anamwalira chaka chatha. Ndili ndi ana anayi ndipo ndimachapa zovala m'nyumba za anthu. Anzanga amapita ku mafamu a ku Lusaka West kukatola mbatatesi ndi chimanga makina akadutsa, ndipo amabwera ndi matumba. Ine ndimachita manyazi, chifukwa amuna anga anali munthu wodziwika pa mpingo. Ndamvanso kuti pa famu ina mlonda amafuna kugona ndi amayi kuti awalole kulowa. Kodi ndipite? Ndine namfedwa, Kanyama.

Pepa mwana wanga, chaka choyamba ndi cholemera. Za manyazi ndikuyankha msanga: pita. Amayi anga ankakunkha ndipo anaphunzitsa mphunzitsi. Rute sanadikire kuti wina amutume, anauza yekha apongozi ake kuti mundilole ndipite kumunda. Kapitawo wa okolola anamuchitira umboni kuti wagwira kuyambira m'mawa, wangopuma pang'ono. Madzulo anapuntha zimene anatola, ndipo zinakwana ngati efa wa barele, kumene kuli kupitirira pang'ono ndowa ya malita 20. Anachita zimenezo mpaka kutha kwa kukolola barele ndi tirigu. Mayi ameneyu ndiye anabala Obedi, agogo ake a mfumu Davide, ndipo dzina lake lili pa tsamba loyamba la Mateyu. Wa pa mpingo amene angakuseke ayambe wang'amba tsamba limenelo.

Koma funso lako lachiwiri ndi lalikulu, ndipo alaliki ambiri amalilumpha pothamangira ku ukwati wa pa mutu 4. Buku la Rute likudziwa za mlonda wako uja. Boazi anachita kulamula anyamata ake kuti asamukhudze, ndipo Naomi anauza mpongozi wake kuti akhale pafupi ndi adzakazi a Boazi kuti angamuchite chipongwe m'munda wina. Munthu salamula zotere pamene palibe choopsa. Mkazi wosauka m'munda wa eni anali pa ngozi nthawi imeneyo, ndipo ali pa ngozi lero.

Choncho usapite wekha, ndipo usatume mwana wamkazi yekha ngakhale tsiku limodzi. Pitani gulu, mulowe pamodzi, mutuluke pamodzi dzuwa lisanapendeke. Chilolezo chichokere kwa mwini famu kapena manijala, masana, anthu akumva, ndipo mmodzi wa inu asunge nambala yake. Chilolezo cha mlonda yekha pa geti madzulo chimakusandutsa wakuba mawa lake iye akafuna. Famu ya mlonda woipayo uipewe, ndipo amayi amene anawachita zimenezo uwalimbikitse kukanena ku Victim Support Unit pa polisi. Akachita mantha kupita okha, amayi a Chigwirizano kapena a bungwe lililonse la amayi pa mpingo wanu awaperekeze. Ntchito ya yunifomu ija ndi imeneyo, si maliro okha. Mwini famu nayenso auzidwe. Amene amatsegula munda wake koma osayang'ana zimene antchito ake akuchita pa geti wangochita theka la zimene anachita Boazi.

Zina ndi za m'mimba. Ufunse ngati m'mundamo anapopera mankhwala posachedwa, makamaka m'minda ya mbatatesi, momwe ena amapopera kuti masamba aume asanakumbe. Mbatatesi imene yakhala pa dzuwa mpaka kubiriwira khungu ili ndi poizoni, usaphikire ana. Chimanga chopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira ndi mbewu yobzala, sichidyedwa ngakhale utachitsuka kangati. Ndipo chimanga chimene chagona pansi nthawi yaitali chimachita chuku. Ukukumbukira mu August 2024, pamene a unduna wa zaumoyo analengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa ndipo mu ufa wina munapezeka poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin? Poizoni ameneyu amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Chisononkho chilichonse uchisende pomwepo m'munda. Cha maso akuda, obiriwira kapena ofumbwa uchisiye, usanene kuti ndidzapatsa nkhuku kapena ndidzaphikira thobwa. Chabwinocho ukafika kunyumba uchiyanike pa mphasa kapena pa saka, osati pa dothi, mpaka njere izilira ukailuma.

Tenga botolo la madzi, chipewa, ndi nsapato zotseka, chifukwa ziputu za soya zimabaya ngati misomali. Thumba likhale la makilogalamu 25. La 50 ndi lokoma podzaza, koma kuchokera kumunda kukafika pokwerera minibasi ndi kutali, ndipo kondakitala adzakulipiritsa mpando wachiwiri.